Mfuti ya abakha siiwomba pa plasma

Ife a ku Mchinji tinaidziwa wailesi ya kanema dziko lathu lisanakhale ndi yakeyake. TVM inayamba kuonetsa mu 1999, koma kale mabanja ena kuno ankaimika eliyo pa nsungwi yaitali n'kumakoka ZNBC kuchokera tsidya la Mwami. Katundu wamagetsi naye ankalowa njira yomweyo ya ku Chipata, wina ankabwera ndi abale ochokera ku Joni. M'katundu ameneyu munali kabokosi kapulasitiki komwe ana tinkangokatchula kuti gemu ya pa TV. Kankabwera ndi mapadi awiri, mfuti imodzi, ndi matepi achikasu olembedwa kuti muli magemu masauzande, chonsecho enieni anali ochepa ongobwerezabwereza.

Timabokositi tinali totengera makina a ku Japan otchedwa Family Computer, mwachidule Famicom, omwe kampani ya Nintendo inatulutsa mu 1983. Duck Hunt, gemu yowombera abakha ija, ndi ya 1984, ndipo Super Mario Bros. ndi ya 1985. Totengerato tinkagwirizana ndi ma TV athu. Mavuto ankabuka munthu akapeza makina enieni a ku Japan, poganiza kuti watola chikwama. Adaputa yake ndi ya mavoti 100, pomwe ESCOM imapereka 230, choncho woilumikiza osafunsa ankangomva fungo la waya wopsa. Akaipezera magetsi oyenera, chithunzi chinkatuluka chopanda mitundu, n'kumagudubuzika kuchoka pansi kupita m'mwamba osaima.

Ndimakumbukira mmisiri wina wa pa Kamwendo, yemwe ankagwira ntchito pa khonde la sitolo pakati pa mawailesi otsegula. Atazungulitsa kakonono ka kumbuyo kwa TV, chithunzi chinaima pang'ono n'kuyambanso kuthawa. Iye anangoti, "Aphwanga, makina anuwa ndi abwinobwino, TV nayo ilibe vuto. Kungoti sizikumvana."

Kusamvanako kunali kwa liwiro. TV ya kuno, ya ku Zambia ndi ya ku South Africa inkatsata dongosolo la PAL, lomwe limajambula chithunzi ka 50 pa sekondi. Japan inkatsata NTSC, ka 60 pa sekondi. Gemu yakale inkayendera kugunda kwa TV ngati wovina amene akutsata ng'oma: chithunzi chikajambulidwa, Mario asunthe. N'chifukwa chake pa timabokosi tathu ta 50 Mario ankathamanga mochedwerapo ndi gawo limodzi mwa magawo 6, nyimbo yakenso inkakokeka. Ana a ku Osaka ndi ana a ku Mkanda ankasewera gemu imodzi, koma ife tinkapatsidwa mpata wochulukirapo wolumpha dzenje. Makompyuta ena a ku Japan, monga NEC PC-9801 ndi Sharp X68000, anali ovutirapo, chifukwa ankafuna sikirini zawozawo.

Lero zinthu zinasintha. TV zopyapyala, zomwe tonse timangoti plasma, zimalandira PAL ndi NTSC popanda kakonono kalikonse. Mwana wa pa Boma amaika Mario mu foni ndipo amathamanga pa liwiro lake lenileni. Kusamvana kwa katundu wa ku Japan kunasamukira m'magalimoto: wailesi ya galimoto yochokera kumeneko imalekeza pa 90 MHz, ndiye mawailesi ambiri a kuno siiwagwira mpaka mmisiri aikemo kachipangizo kowonjezera.

Koma pali chimodzi chomwe plasma inalephera. Tengani mfuti ya Duck Hunt, lozani bakha, wombani: bakha amauluka, galu wa m'gemumo n'kumakusekani. Mfutiyo situlutsa kanthu, koma ili ndi kadiso kumphuno. Mukakoka chowombera, sikirini imada bii kwa kamphindi kosaoneka bwino ndi maso, kenako pamalo pa bakha pamaoneka kabokosi koyera, ndipo kadiso kakaona kuwalako gemu imadziwa kuti mwalasa. TV yakale inkaonetsa chithunzi nthawi yomweyo chikangofika. Plasma imayamba yachikonzakonza, ndipo pomwe izichionetsa, mfuti imakhala itasiya kale kuyang'ana. Kuchedwa komweko kumachititsa kuti Mario alumphe mochedwa chala chitadina kale.

Choncho TV yachimbuyo chachikulu ija, yomwe ambiri anaikankhira kuchipinda chosungira chimanga, ndi yomwe imamvana ndi mfuti ya abakha momwe inapangidwira. Mafakitale anasiya kuzipanga, amisiri odziwa kuzikonza nawo akutha, ndipo achinyamata akuphunzira za mafoni zokha. Ngati kwanu ilipo ndipo imayaka, musaipereke kwa ogula zitsulo zakutha. Ipukuteni fumbi, muisunge pouma, ndipo tsiku lina muwaonetse ana kuti mfuti ija inkawombadi.