Jumbo ya padooko

 Ena mwa inu mudabwa kuona mwalimu wa madrasa akulemba za matewera, nkhani yomwe ife abambo timaisiyira amayi kuseri kwa nyumba. Ndipirireni pang'ono, pakuti inenso sindidailowe mwakufuna kwanga.

Kudali mu Januwale 2022, mvula itagwa usiku wonse. Mjigo wa pamzikiti udali utaonongeka, tsono ndidatenga ana a madrasa kutsikira nawo padooko kuti akachite wudhu wa Swala ya Asr. Pomwe khwawa la m'mudzi mwathu limathira m'nyanja padali pataunjikana zinyalala zobwera ndi madzi: zitsononkho, mabotolo, majumbo, ndi mapampasi otupa ngati nsomba zofa. Kamtsikana kena, ka zaka ngati khumi, kadaima chiriri ndi kundifunsa kuti, "Mwalimu, madzi amenewa ndi oyera? Tingachitire wudhu?"

Yankho ndidali nalo pamlomo, chifukwa phunziro la twahara ndi limene ndimalikonda kuyambira ku koleji. Ndidamufotokozera monga momwe madhhab a Imam Shafi'i amaphunzitsira, kuti madzi akakwana makulla awiri, omwe ndi pafupifupi malita 200 kapena kuti mgolo umodzi, sadetsedwa ndi najisi pokhapokha atasintha mtundu, fungo kapena kakomedwe. Nanga nyanja ndi migolo ingati? Ndidawauza anawo kuti asunthire kumtunda pang'ono, pomwe madzi adali mbee, achite wudhu wao. Yankho lidali loona, ndipo lero lomwe ndingayankhe chimodzimodzi.

Ndili mkati moyankha, maso anga adagwa pa jumbo yakuda yomwe idakodwa pa bango. Kukamwa kwake idamangidwa ndi kansanza kobiriwira ka chitenje. Chitenjecho ndidachidziwa. Mfundoyo ndidaidziwanso, chifukwa ndidamanga ndine dzana lake, Swala ya Isha itatha, ndi kukaiponya m'khwawa kuseri kwa nyumba kuti pasakhale wondiona. Akulu adati madzi saiwala khwawa. Ine ndidali nditaiwala komwe khwawalo limathera.

Ndibwerere m'mbuyo pang'ono. Mwana wathu woyamba, wamwamuna, adabadwa mu Julaye 2021 kudzera m'opaleshoni, ndipo mayi ake kwa masabata angapo sankatha kuwerama. Msuweni wanga yemwe ali ku Joni adatitumizira phukusi lalikulu la mapampasi. Lidatithandiza kwambiri, sindingakane. Koma phukusi litatha, bala litapola, ife tidali titazolowera kale. Tidayamba kugula limodzilimodzi pa okala. Apongozi anga ankangoyang'ana, tsiku lina n'kumuuza mwana wao mokweza kuti inenso ndimve: "Ana asanu ndi mmodzi ndidalera ine ndi nsalu, palibe yemwe adavala ndalama."

Kugula kudali kowawa, koma vuto lenileni lidali kutaya. Poyamba tinkaponya m'chimbudzi, mpaka tidaona kuti dzenje likudzaza msanga, pakuti zinthuzi siziola. Kunja kwake ndi pulasitiki, ndipo mkati muli kaufa komwe kamamwa madzi ndi kutupa ngati phala la chinangwa. Tidayesa kutentha. Thewera lonyowa silipsa, limangofuka utsi wotsamwitsa, ndipo mayi wina woyandikana nafe adabwera akuthamanga kudzatiletsa, amvekere mwana atuluka zilonda. Chikhulupiriro chimenecho chilibe maziko m'chipembedzo, koma utsiwo wokha udali wokwana kutisiyitsa. Tidakwirira, agalu adafukula ndi kumwaza pabwalo la eni. Mapeto ake lidali khwawa, usiku. Werengani nokha: asanu patsiku, ndiye 150 pamwezi. Pofika tsiku la padookolo nyumba yanga yokha idali itataya pafupifupi 900, ndipo ambiri adatsata njira imodzimodziyo.

Pali Hadith yomwe adaisunga Abu Dawud, momwe Mtumiki (mtendere ndi madalitso a Allah zikhale pa iye) adachenjeza za malo atatu omwe munthu akachitapo chimbudzi amadziitanira matemberero: potunga madzi, pakati pa njira, ndi pamthunzi pomwe anthu amapumulira. Hadith imeneyi ndidaiphunzitsa kangapo konse, ndikuganizira anthu ena, makamaka asodzi ogona pamchenga. Sidandifikepo m'mutu kuti kumanga zoipa m'jumbo sikuzisintha dzina.

Usiku umenewo ndidawauza mayi a kunyumba kuti tisiye mapampasi. Adandimvetsera mpaka ndidatha, kenaka adati, "Bambo a mwana, ulaliki mwautha. Tsono adzichapa ndani?" Ndidayankha kuti tidzithandizana. Adaseka chikhakhali mpaka mwana adadzuka. Titakambirana bwino tidapangana kuti matewera a usiku ndi anga, ndidzichapa ndikachoka ku Fajr, ndiponso madzi onse ochapira ndidzitunga ndine. A masana ndi awo, popeza ine ndimakhala ku madrasa.

Tidagula matewera a thaulo madazeni awiri pa Mangochi Boma, mapini, ndi timakabudula tapulasitiki titatu. Apongozi adadula zitenje zakale kuti zikhale zoyala mkati. Kapindidwe ndidaphunzira mwa njira yoseketsa, chifukwa mkamwini sakhala mphasa imodzi ndi apongozi ake. Iwo ankapinda ali pakhonde, mwana wao n'kubweretsa kwa ine pansi pa mtengo wa mango, ine n'kumasula ndi kupindanso, thewera n'kubwerera kukhonde kukayesedwa mayeso. Ndidalephera katatu.

Mkangano woyamba udabuka sabata yomweyo. Ndidapeza apongozi atasenza beseni la matewera, ulendo wa kunyanja, monga ankachitira kale. Apa ndidaona kuti nsalu payokha siithetsa kanthu. Kuchapira thewera padooko ndi tchimo lomwe lija, kungoti lopanda jumbo. Iwo adati chimbudzi cha khanda loyamwa ndi mkaka chabe, sichidwalitsa munthu. Ambiri amakhulupirira choncho, koma si zoona: tizilombo totsegula m'mimba timakhalamo ngati mwa wamkulu. Ndidalephera kuwatsutsa maso ndi maso, ndipo ndidachita kudzera kwa mlongo wao, mwini mbumba. Adasiya monyinyirika. Mu Malichi chaka chomwecho kolera idayamba ku Machinga, n'kufalikira dziko lonse mpaka 2023, ndipo idapha anthu oposa 1,700. Boma lathu la Mangochi lidali m'gulu la okhudzidwa kwambiri. Titaika maliro awiri m'mudzi mwathu sabata imodzi, nkhani ya beseni sidatulukenso.

Tsono kachapidwe. Apa ndi pomwe buku ndi ndowa zidakumana, ndipo ndikufuna alongo anga ndi abale anga omwe mumve bwino. Choyamba ndimakokolola zonse zolimba ndi kamtengo ndi kutaya m'chimbudzi. Kenaka thewera limalowa m'ndowa ya chivundikiro momwe muli madzi a sopo. Madzi a m'ndowa imeneyi ndi najisi, ndipo satayidwa pabwalo kapena m'khwawa, koma m'chimbudzi momwemo. Ndikafikisa ndi sopo mpaka mtundu ndi fungo zitachoka, pamatsala chinthu chimodzi chomwe ambiri timalakwitsa. Madzi a m'beseni ndi ochepa, sakwana makulla awiri. Mukaviika nsalu ya najisi m'madzi ochepa, madziwo ndi amene amadetsedwa, ndipo nsalu imatuluka yooneka bwino koma isadayere mwa Sharia. Madzi ndiwo ayenera kupita pa nsalu. Choncho pomaliza ndimagwira thewera lililonse ndi kulithira madzi oyera ndi kapu kuchokera pamwamba, mpaka otsika akhale oyera. Ngati kabanga kakanirira mutayesetsa ndithu, chipembedzo chidakhululuka. Zina mwa izi zili m'kabuku kakang'ono ka Safinatun Najah komwe ndidakaloweza pamtima ndili mnyamata, koma ndidazimvetsa manja ali m'thovu.

Palinso chifundo china chomwe ndidachilawa. Umm Qays bint Mihsan adabwera ndi mwana wake wamwamuna kwa Mtumiki, mwanayo n'kukodzera chovala chake. Mtumiki adaitanitsa madzi ndi kuwaza pamalopo, osachapa. Kuchokera apa maulama athu adati mkodzo wa mwana wamwamuna yemwe sadakwane zaka ziwiri ndipo sadye china koma mkaka, kuwaza madzi okwanira kumayeretsa, pomwe wa mwana wamkazi umachapidwa. Wathuyo adali atayamba kale phala, tsono chilolezocho chidatidutsa. Koma chomwe chidandikhudza ndi china: munthu wolemekezeka kuposa tonse adanyamula khanda la mwini pamiyendo, lidamunyowetsa, ndipo sadakwinye nkhope.

Ndikunena izi chifukwa kunja kudali mawu. Asodzi pobwera ku usipa m'mawa ankandipeza ndikuyanika. Wina adakuwa ali pamsewu, "Shehe adyetsedwa khuzumule!" Anzake adafa nazo. Zimenezo ndidaziseka. Zomwe zidandipweteka zidachokera kwa bambo wina wachikulire, kholo la ana awiri a m'kalasi mwanga, yemwe adafunsa pa komiti ya mzikiti ngati manja ochapa matewera ali oyenera kugwira Qur'an pamaso pa ana. Ndidayankha modekha kuti najisi imachoka ndi madzi, ndi kuti mayi athu Aisha (Allah asangalale nawo) atafunsidwa zomwe Mtumiki ankachita m'nyumba, adati ankatumikira a pabanja pake, nthawi ya Swala ikakwana n'kutuluka. Ndidaonjeza kuti ngati kuchapa thewera kumachotsa ulemu, ndiye kuti amayi athu onse alibe ulemu. Akuluakulu adangoti zii. Bamboyo adachotsa ana ake kwa mwezi wathunthu. Kunena zoona, inenso ndidasamutsa chingwe kupita kuseri kwa nyumba. Kudali mthunzi, matewera sankauma, ndipo mayi a kunyumba adachibweza okha kumaso osandifunsa.

Asakunamizeni munthu kuti njirayi ndi yofewa. Mwezi wa Febuluwale dzuwa limasowa masiku atatu, matewera n'kumalendewera m'nyumba monse, ena pamwamba pa mbaula. Thewera la nsalu silibisa chinyezi, ndipo mukachedwa kusintha mwana amanyuka. Kusita ndi nsimbi ya makala n'kofunika, chifukwa pali ntchentche yomwe imaikira mazira pa nsalu yonyowa, makamaka yoyanika pansi, ndipo mphutsi zake zimalowa pakhungu la mwana. Sopo naye adakwera pomwe kwacha idagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, ndi kugwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ngakhale mapampasi adakwera koposa. Ndipo ntchito yaikulu, ngakhale ndidzitame bwanji, idatsalabe m'manja mwa mayi. Mlongo yemwe akudwala, kapena ali ndi mapasa, kapena mjigo uli kutali ndipo bambo ali ku Joni, ine sindingamuloze chala. Ifenso timasunga mapampasi angapo a paulendo wa minibasi wopita ku Blantyre. Tikabwera nawo ndimawakwirira m'dzenje lakuya ndi kutsendereza mwala, ndipo mtima sukhala m'malo.

Kutunga ndowa zinayi m'mawa uliwonse kudandiphunzitsa kuwerenga madzi. Ndidayamba kuona momwe ana anga a madrasa ankapopera mjigo mosalekeza pomwe mmodzi akusambitsa mapazi. Bukhari ndi Muslim adasunga kuti Mtumiki ankachita wudhu ndi mudd imodzi, madzi osakwana ngakhale lita. Tidaika makapu pamjigo, aliyense kapu imodzi yaikulu. Ana adachitenga ngati mpikisano. Kunyumba nako zina zidasintha zokha: dengu lidabwerera kumsika m'malo mwa majumbo opyapyala aja, omwe boma lidaletsa mu 2015 koma tinkangolandirabe, ndipo madzi otsukuluzira zovala wamba adayamba kupita ku nthochi.

Mwana wachiwiri, wamkazi, adabadwa mu 2024, chaka chomwe nyanja idadzaza mpaka kulowa m'nyumba za m'mphepete. Adavala matewera omwe aja a mlongo wake. Mwa 24 atsala 17, opyapyala ngati sefa, ndipo othaitha adasanduka zopukutira pansi. Apongozi tsopano amatumiza atsikana oyembekezera kwa ine kuti ndiwaonetse kathiridwe ka madzi, koma kapindidwe amati ndikadali mwana.

Chimodzi sindidakuuzeni. Tsiku lija padooko jumbo ija sindidaitole. Ndidachita manyazi ndi ana, ndipo ndidawatsogolera ku Swala ngati sindidaone kanthu. Maghrib itatha ndidabwerera ndekha ndi tochi ndi khasu. Ndidayenda m'bango monse mpaka madzi adafika m'maondo, koma mafunde adali ataitenga. Kamtsikana kaja kadamaliza Juzu Amma chaka chomwecho, pano ndi namwali wa ku sekondale, ndipo mpaka lero sindidamuuze mwini wake wa jumbo yomwe adaima pafupi nayo pondifunsa.