Masitepe Oyenda Okha

Tsiku lina madzulo mwana wa mlongo wathu anatipatsa foni nati, "Amalume, tamvani zimene munthu uyu akunena za dziko lathu." Anali Trevor Noah wa ku South Africa, ataima yekha pamaso pa khamu, wopanda ng'oma, wopanda gitala, cida cake pakamwa basi. M'cionetsero cimeneco ca mu 2013 anali kusimba za ulendo wake wa kuno ku Zambia. Akuti anthu athu, akulu ndi ana omwe, amapita ku sitolo yaikulu osati kukagula kanthu, koma kukakwera masitepe oyenda okha, kukwera ndi kutsika. Khamu linafa nalo phwete. Ife tinabweza foni, nkhope ili ndwii.

Tiulule pano cimene tinambisira mnyamatayo. Tsiku loyamba kuona masitepe otere mu Lusaka, nafenso tinakwera katatu konse. Cimene cinatiwawa sicinali bodza ai, koma coona conenedwa ndi mlendo.

Kusekana si cinthu cacilendo kwathu kuno. Pa maliro a Mngoni, Abemba amafika ndi cimbuya cao: amapaka anamfedwa ufa, natinyoza kuti timadya mbewa, ife nkuwabwezera za anyani. Palibe amene amakwiya, pakuti omwewo ndiwo amasonkha moto, amaphika, nanyamula bokosi. Ufulu wotiseka amaugula ndi thukuta. Ndiye tinadzifunsa kuti: nanga uyu anaugula ndi ciani?

Yankho tinalipeza m'buku lake la mu 2016, Born a Crime. Noah anabadwa mu 1984 ku Johannesburg, amai ake Mxhosa, atate ake mzungu wa ku Switzerland, pa nthawi imene lamulo la tsankho linali kuletsa wakuda ndi mzungu kukhalira pamodzi. Atate ake sankatha kuyenda naye poyera, ndipo ku Soweto agogo ake ankamsunga m'nyumba poopa apolisi. Mu 2009 amai ake anaomberedwa mfuti kumutu ndi mwamuna wao wakale, koma anapulumuka. Iye akusimba kuti maiyo, amene ankamtengera ku machalichi atatu pa Lamulungu, ndiwo anayamba nthabwala ali cigonere m'cipatala. Poona mwana akulira, anamuuza kuti asangalale, popeza tsopano wokongola m'banjamo watsala ndi iye.

Apa mpamene mkwiyo wathu unazirala. Munthuyu anaphunzira kuseka pa bala lake asanaseke pa bala la mnzake. Sitikunena kuti nthabwala zake zonse nzoyenera kumvedwa ndi ana, koma tikuti amadziwa kulemera kwa cimene akuseweretsa.

Kuchuka nako anakulawa. Mu 2015 analowa m'malo mwa Jon Stewart pa pulogalamu ya The Daily Show ku New York, mpando umene anthabwala ambiri amangoulota. Mu 2022, patapita zaka 7, anausiya mwa kufuna kwake. Ananena kuti anali kulakalaka kuyendanso m'maiko, kuphunzira zinenero, ndi kuimanso pamaso pa anthu. Potsazika anakumbukira masiku oyamba pamene mipando ya oonerera inkasowa okhalapo, nathokoza akazi akuda amene anamlera, amai, agogo ndi ena a m'banja. Ife tikuonapo nzeru pamenepa. Kuchuka kumakweza munthu, ndipo nthabwala yoponyedwa kucokera pamwamba imagwa ngati mwala. Wofuna kukhalabe mbuya wa anthu ayenera kutsika, akhale pamphasa imodzi ndi amene akuwaseka.

Phunziroli linatigwira ife eni ake. Sabata lomwelo, pophunzitsa ana, tinabwereza mwanthabwala yankho lolakwika la kamtsikana kena. Ana onse anaseka, kupatula iko. Sabata lotsatira sikanakwezenso dzanja. Kwa anawo ifenso ndife a pamwamba, ndipo tinali titaponya mwala. Tinayenera kukapepesa pamaso pa anzake, cinthu cowawa kwa munthu wa imvi. Makolo ndi aphunzitsi anzathu, tikaseketsa nyumba, tiziyang'ana nkhope ya amene sanaseke.

Mwana wa mlongo wathu uja atabweranso, tinamuuza za maulendo athu atatu pa masitepe. Anaseka mpaka misozi, nafunsa kuti, "Amalume, nanga simunakwere kacinai bwanji?" Tinamuyankha zoona: mlonda anali atayamba kutiyang'anitsitsa.