Kamera ili ndi khutu

Mavidiyo ambiri a m'mabanja mwathu ndi a ukwati kapena chinkhoswe. Mukaonera ya ukwati, ola lathunthu limathera pa perekaniperekani: anthu akuvina pamzere, ndalama zikugwera m'lichero, chimkuzamawu chikugonthetsa m'khutu. Nkhope zonse zilimo, zitenje zilimo. Koma mukafuna kumva mmene azakhali ankalankhulira, mulibe. Milomo ikuyenda, mawu anamezedwa ndi nyimbo.

Ntchito yanga ndi yomasulira, mwina n'chifukwa chake vidiyo ndimaionera ndi makutu. Chichewa cholembedwa chimasiya zambiri panja. Mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa shuga timalemba chimodzimodzi, koma pakamwa mawuwa amakwera ndi kutsika mosiyana. Mmene agogo a ku Ntcheu amakokera mawu pothirira ndemanga, kapena dzina la ndiwo zakutchire limene mtanthauziramawu alibe, pepala silisunga. Kamera imatha kusunga, bola woigwira akumbukire kuti ili ndi khutu.

Khutulo ndi lopusa. Limamva kwambiri chimene chili pafupi, ndipo amene ali pafupi kuposa onse ndi inu ojambula. Mukaima kutali n'kudina zoom, nkhope imabwera koma mawu amatsala komweko; mumangojambula kupuma kwanu, nkhuku ndi mphepo. Senderani pafupi, masitepe awiri basi. Zimitsani wailesi, pezani mbali ya nyumba imene mphepo sikuwomba, ndipo mvula ikamagwa pa malata, dikirani ikate. Ngati pali foni yachiwiri, iikeni pamphasa pafupi ndi wolankhulayo kuti izitenga mawu okha.

Chovuta kwambiri ndi ulemu wathu womwe. Wamkulu akamalankhula sitikhala duu. Timavomera "ee", "inde", "zoonadi". Wogwira kamera akatero, mawu ake amaphimba a agogo chiganizo chilichonse. Komabe kungoti zii n'kosatheka, chifukwa munthu wosavomeredwa amaona ngati akufunsidwa mlandu, nkhani imauma. Ine ndimakhazika mdzukulu mmodzi pambali pawo kuti azivomera ndi kufunsa, ine n'kumangogwedeza mutu. Ndimakhalanso pansi. Kuimirira pamutu pa wamkulu ndi mwano, komanso chithunzi chake chimatuluka cha paliwombo. Manja awo akakhala ndi chochita, kaya kutongola chimanga kapena kuswa mtedza, kamera amaiiwala msanga.

Za chithunzi n'zochepa. Kuwala kuzichokera kumbuyo kwanu, osati kumbuyo kwawo. Mukawakhazika chofulatira zenera kapena bwalo lowala dzuwa, kamera imadziyeza pa kuwalako ndipo nkhope yakuda ngati yathuyi imasanduka mthunzi. Mthunzi wa pakhonde ndiye wabwino. Foni igonekeni chopingasa, zigongono zitsamire m'nthiti, kapena itsamizeni pa mtondo wovundikira. Musamaiyendetse uku ndi uku ngati tochi yosakira mbuzi. Werengani mpaka khumi musanasunthe.

Musanayambe, pemphani, ndipo akakana, akana. Pali zina, monga chilangizo cha anamwali, zimene eni ake sanazikonzere maso a aliyense. Akalola, nenani mokweza tsiku, mudzi, dzina ndi mfunda wawo. Pakapita zaka 30, woonera adzakhala mwana wobadwira ku Johannesburg kapena ku Leeds, ndipo sipadzakhala womuuza kuti awa ndi Nabanda, alongo awo a agogo ake aamuna.

Nanga zaka 30 zimenezo vidiyoyo idzafika? VHS, imene kampani ya JVC inatulutsa mu 1976, inkaoneka ngati ya muyaya, koma mu 2016 Funai, kampani yomaliza yodziwika kupanga makina oonetsera matepiwa, inasiya. Timatepi ta MiniDV, timene tinabwera mu 1995, timafuna kamera yake yomwe kuti tiseweredwe, ndipo makamera amoyo akusowa. Tepi yokhala m'sutikesi dzinja ndi dzinja imachita nguwi. Amene muli nawo matepi otere, asamutsireni pa kompyuta makina akadalipo.

Foni nayo si nkhokwe. Imabedwa m'minibasi, imagwera m'ndowa. WhatsApp imafinya vidiyo kuti ichepe, choncho imene yazungulira pagulu la banja si yeniyeni ija. Potumiza sankhani Document kuti ipite yonse. Zanga ndimazisunga pawiri, pa kompyuta ndi pa hard drive imene imakhala kwa achemwali anga, ndipo iliyonse ndimailemba dzina la munthu, mudzi ndi chaka. Imene ndimatsegula kawirikawiri ndi ya mphindi 14: amalume akufotokoza kapangidwe ka msampha wa mbewa, uku akukangana ndi akazi awo za chaka chimene anafolera nyumba ndi malata.