Magazi amalozera njira, salamula mlandu

Chiperoni chikatsika m'phiri la Mulanje mwezi wa June, pakhomo pa labotale ina m'boma la Phalombe pamadzaza amayi obereka ana otsokomola. Mkatimo muli bambo wina woyeza magazi. Iye amati ntchito yake ndi yosankha amene afunika kufufuzidwa mozama.

"Chibayo cha mabakiteriya ndi chifuwa cha mavairasi zimafanana poyamba," akufotokoza. "Mwana watentha thupi, akupuma mwabefu. Adokotala amawerenga mpweya: wa miyezi 2 mpaka 11 akamapuma ka 50 pa mphindi, kapena wa chaka chimodzi mpaka zisanu ka 40, amayamba kukayikira chibayo. Akafuna umboni wina amanditumizira magazi."

Choyamba amayeza malungo. Kenako amawerenga asilikali a m'magazi, ndipo zipangizo zikakhalapo amayezanso CRP, puloteni yomwe chiwindi chimatulutsa thupi likamalimbana ndi matenda. Imayamba kukwera pakangopita maola ochepa, n'kufika pachimake pakatha masiku awiri. Mbiri yake ndi ya chibayo chomwechi: William Tillett ndi Thomas Francis anaipeza mu 1930 ku New York, m'magazi a odwala chibayo.

"Nambala ya CRP ikatsika, mwana akuyamwa bwino, nthawi zambiri ndi mavairasi, ndipo amoxicillin sangathandize. Ikakwera kwambiri, ndimauza adokotala kuti uyu ajambulidwe pachifuwa. Wamkulu ndimamupatsa kabotolo ka makhololo kuti tione TB pa makina a GeneXpert."

Kusankhaku n'kofunika chifukwa kumeretsa mabakiteriya a m'magazi kumatenga masiku, ndipo ntchitoyi yakhazikika kutali, ku chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre. Sungatumizeko aliyense wotsokomola.

Koma CRP ili ndi bodza lake. Malungo amaikweza, TB imaikweza, ngakhale bala lotukusira. N'chifukwa chake kuno kufupi ndi madambo a nyanja ya Chilwa, kumene udzudzu sutha, bamboyu sawerenga CRP asanaone zotsatira za malungo. Mu 2021 bungwe la WHO linavomereza kuti nambala yoposa 5 mg/L mwa munthu wa HIV ikhale chifukwa chomuyezera TB, osati chomuyambitsira mankhwala.

Katemera wa PCV13, yemwe Malawi inayamba kubaya makanda mu November 2011, wachepetsa chibayo choopsa, koma sanachithetse. Chimene chimamudandaulitsa bamboyu ndi makolo ogula makapisozi pa golosale, kumwetsa mwana masiku awiri, n'kubwera naye mochedwa nthiti zikulowa mkati.

"Mwana wofika atabanika sitimudikiritsa zotsatira zanga," akutero. "Amalandira okosijeni ndi jakisoni nthawi yomweyo. Amayi, mukaona nthiti zikulowa, nyamukani tsiku lomwelo."