Ulendo wa ku Nyika, Kumene Mitsinje Imabadwira

Ife a m'mbali mwa nyanja tidazolowera kutentha, mchenga ndi fungo la usipa pa thandala. Ambiri a ife sitidziwa kuti m'dziko lathu lomwe lino muli malo amene m'miyezi ya Juni ndi Julaye chisanu chimagwa usiku mpaka udzu kuyera mbuu ngati wawazidwa mchere. Malowa ndi Nyika, nkhalango yosungirako nyama zakutchire yaikulu kuposa zonse m'Malawi muno, ya masikweya kilomita oposa 3,000, imene boma lidaikhazikitsa m'chaka cha 1965.

Kuchokera ku Mangochi ulendowu unatitengera masiku awiri. Tinadzera ku Salima, Nkhotakota ndi Nkhata Bay, n'kukagona ku Mzuzu. M'mawa mwake tinafika pa Rumphi, pamene tinagula mafuta a galimoto, mpunga ndi ndiwo, pakuti kumtundako kulibe msika. Kuyambira pamenepo tinayenda makilomita oposa 100 pa msewu umene mbali yake yaikulu inali ya fumbi ndi miyala, kudzera pa chipata cha Thazima, mpaka kukafika ku Chelinda, malo ogona alendo amene ali pafupifupi mamita 2,300 kuchokera pa nyanja ya mchere.

Amene amaganiza kuti nkhalango ndi mitengo yothithikana akadabwa. Pamwamba pa Nyika ndi mapiri a udzu okhaokha, otsatizana ngati mafunde a mwera, ndipo maso amaona kutali popanda chotchinga. Mbidzi tinazipeza zikudya msipu pafupi ndi msewu, osatekeseka n'komwe. Kenaka tinaona chilembwe, mphoyo, mbawala, ndi gulu la ntchefu, nyama yoposa ng'ombe msinkhu. Wotiperekeza, bambo wa ku Rumphi komweko, anatilangiza kuti tizimitse galimoto ndi kukhala chete. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha: dzuwa litapendeka, kambuku anatuluka m'mphepete mwa mitengo ya paini, natiyang'ana pang'ono, n'kulowanso. Ana athu sanapume mpaka atazimirira.

Njovu ziliponso. M'chaka cha 2017 njovu 34 zidasamutsidwa pa malole kuchokera ku Liwonde, kufupi ndi kwathu, kupita ku Nyika. Mitundu ya mbalame ndi yoposa 400, ndipo nyengo ya dzinja mapiri onse amachita maluwa.

Koma chimene chinatikhudza kwambiri si nyama ayi. M'zigwa monse muli madambo ndi akasupe amene amasunga mvula n'kumaitulutsa pang'onopang'ono chaka chonse. Mitsinje ya North Rukuru ndi North Rumphi imayambira kumeneko, ndipo madzi ake, pamodzi ndi a mitsinje ina yothira mu South Rukuru, amathera m'nyanja yathu. Madzi amene tinatunga ku Chelinda, ozizira mpaka kuwawitsa mano, ndi omwewo amene chambo chimasambiramo ku Makanjira ndi ku Malindi. Osaka nyama mozembera akatentha udzu mosasamala, nthaka imakhala pambalambanda, mvula imaikokolola, ndipo matope ake amakakwirira malo amene nsomba zimaswana. Choncho moto wa ku Rumphi ukhoza kukapsereza mphika wa ku Mangochi.

Tisaiwalenso kuti kukongola kumeneku kudali ndi mtengo wake. M'chaka cha 1978, pamene boma lidakuza malire a nkhalangoyi, mabanja ambiri adasamutsidwa m'midzi yawo, kusiya minda ndi manda a makolo. Pamene tikudutsa m'midzi ya kunja kwa chipata, tiwapatse moni mwaulemu, tigule uchi ndi zokolola zawo popanda kunenerera monyoza, chifukwa nyama zimene tikupita kukaona zikudya pa nthaka imene agogo awo ankalima.

Banja limene likufuna kupitako lisonkhe ndalama ndi mabanja ena kuti lipeze galimoto yolimba, makamaka m'nyengo ya mvula. Mutenge mabulangete, majuzi ndi masokosi a ana, pakuti nsalu zathu za kunyanja sizithandiza kumeneko. Musatuluke m'galimoto popanda chilolezo cha woperekeza, ndipo musasiye moto kapena zinyalala. Ana akakaona okha kasupe wotumphuka pansi pa udzu, adzamvetsa msanga tikamawaletsa kutentha tchire ndi kudula mitengo m'mbali mwa mitsinje ya kwathu.