Ndodo sinamuphunzitse Tayiga

Galu wanga Tayiga atagwira nkhuku yachitatu ya a neba, iwo anafika pakhomo m'mamawa nkhope ili gwaa. "Achimwene, ikafanso ina, ndimuikira tameki." Ndinalipira nkhuku zija, kenaka ndinamukwapula Tayiga mpaka anakabisala kunsi kwa nkhokwe.

Sanasinthe. Chomwe anaphunzira n'kundithawa ineyo, koma nkhuku ankazithamangitsabe ndikangochoka.

Tsiku la katemera wa chiwewe ndinadandaulira alangizi a ziweto. Anandiuza kuti galu amamva chilango kapena mphotho pa zimene akuchita nthawi yomweyo basi. Ukamumenya madzulo chifukwa cha nkhuku ya m'mawa, iye amangoona kuti mbuye wake ndi woopsa.

Ndinayamba kumuyendetsa pa chingwe chachitali, usipa uli m'thumba. Tinkaima patali ndi nkhuku. Akaziyang'ana ndinkati "Siya!", ndipo akatembenukira kwa ine, kausipa pompo. Tinkachita mphindi 10 m'mawa, 10 madzulo, uku tikuyandikira nkhuku pang'onopang'ono. Ana ndinawauza kuti nawonso azinena mawu omwewo. Anthu ankandiseka kuti ndikutaya ndiwo.

Patatha miyezi iwiri, thadzi la a neba linadutsa ndi anapiye pafupi ndi mphuno yake. Tayiga anangondiyang'ana, akugwedeza mchira. Komabe ndikamachoka ndimamutsekera m'khola, poti chibadwa sichitheratu.

Ine ndi a neba tsopano tikupatsananso moni. Inu amene muli ndi galu wovuta, musanathyole ndodo, tayesani usipa.