Kabula Akukwera M'mwamba

Amayi anzanga, sabata ino timange chitenje m'chiuno, tiyendere limodzi mzinda wa Blantyre, umene ambirife timautcha Kabula. Inu a kumudzi amene munafikako kale-kale, kapena pokazonda wodwala ku chipatala cha Gulupu, mukadzabweranso mudzapeza mzindawu utasintha nkhope. Kulikonse kumene munthu angaponye maso kuli milu ya mchenga, zitsulo zoloza kumwamba ndi amisiri ali yakali-yakali pa makwerero. Mzinda ukukwera. Koma woyenda modekha amaona kuti ukukwera m'njira ziwiri: pakati pa tauni nyumba zikusanjikizana, pamene kumalokeshoni anthu akukwera mapiri pofuna pogona.

Tiyambire pa Mandala, popeza ndi pamene pali gogo wa nyumba zosanja za m'dziko muno. Amishoni a ku Scotland anafika m'dera la mfumu Kapeni m'chaka cha 1876, ndipo mu 1882 kampani ya malonda ya African Lakes inamanga nyumba imeneyi, yokhala ndi zipinda pansi ndi pamwamba. Kwa makolo athu, amene anazolowera nyumba ya mitengo yomata ndi dothi, chinali chodabwitsa kuona munthu akuyenda pamwamba pa mutu wa mnzake. Nyumbayi ikadalipo mpaka lero, ndipo chimene chimagwira mtima wa mayi aliyense ndi khonde lake lalikulu. Omangawo anadziwa kuti kuno kuli dzuwa la Okutobala ndi mvula ya Januwale, ndiponso kuti ntchito zambiri za pakhomo zimachitikira pakhonde.

Tikatsetsereka ndi kuwoloka mtsinje wa Mudi, tilowa mu msewu wa Victoria Avenue. Blantyre ndi Limbe anaphatikizidwa mu 1956, ndipo mu 1966 malowa analandira ulemu wotchedwa mzinda. Kuyambira nthawi imeneyo nyumba zazitali zinayamba kumera imodzi-imodzi: Delamere House, hotela ya Mount Soche imene inatsegulidwa mu 1969, Chayamba, Livingstone Towers, ndipo pambuyo pake likulu la National Bank mu msewu wa Henderson. M'zaka za m'ma 1980 boma la Dr. Kamuzu Banda linayamba kulemba nyenyezi yofiira pa makoma a nyumba zakutha, kutanthauza kuti mwini wake aikonze, kapena aigwetse ndi kumanga ina yoyenera mzinda. Khonsolo inabwerezanso ntchito ya nyenyezi yofiirayi m'zaka zina zotsatira.

Komabe zimene zikusintha tauni masiku ano si nyumba zazitali kwambiri ayi, koma za nsanjika zitatu, zinayi kapena zisanu, zimene zikulowa m'malo mwa masitolo akale a denga limodzi la malata. Pansi pamakhala masitolo, pamwamba maofesi. Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Malo a pakati pa tauni ndi okwera mtengo, choncho mwini poloti amafuna kuti dothi limodzi lomwelo limubalire lendi katatu kapena kanayi. Khonsolo nayo imapindula, pakuti msewu, mapaipi a madzi ndi mawaya a magetsi zilipo kale pamalopo.

Nyumbazi n'zokongola, magalasi ake ali waliwali. Koma taimani pang'ono pa msewu wa Haile Selassie mvula ikamayamba. Masitolo akale anali ndi makonde, pamene atelala ankakhala ndi makina awo, ndipo mayi wobereka mwana kumbuyo ankausapo mvula. Zambiri mwa nyumba zatsopanozi zilibe khonde. Khoma lagalasi limangoyambira pa msewu penipeni. Chinanso n'chakuti m'nyumbazi simugona anthu ambiri. Dzuwa likapendeka, makalaliki, ogulitsa m'masitolo, osesa ndi amisiri onse amatsikira ku Mibawa kukakwera minibasi, tauni n'kutsala ndi alonda okha. Tiyeni tiwatsatire anthu amenewa, tikaone kumene amagona.

Madera monga Chilomoni, Ndirande, Bangwe ndi Zingwangwa anakula ndi anthu odzafuna ntchito. Bungwe la Malawi Housing Corporation, limene linakhazikitsidwa mu 1964, linamanga nyumba za lendi m'malo monga Nkolokosa ndi Kanjedza, koma linkadulanso mapoloti m'malokeshoni kuti munthu adzimangire yekha monga mwa mphamvu zake. Nzeru imeneyi inali yabwino pamene anthu anali ochepa. Mu 1966 mzindawu unali ndi anthu pafupifupi 110,000. Kalembera wa mu 2018 anapeza anthu oposa 800,000. Anthu achuluka, koma dothi silinakule.

Ku Chilomoni, kumadzulo kwa tauni, nyumba zafika m'munsi mwenimweni mwa phiri la Michiru. Koma pofuna kuona bwino-bwino kuthithikana, tipite ku Ndirande. Pafupi ndi mafakitale a ku Makata, kumene kwa zaka zambiri kampani ya David Whitehead inkawomba nsalu zimene amayi athu ankavala, poloti imene inadulidwira banja limodzi lero ili ndi mabanja angapo. Alandilodi anawonjeza chipinda kuseri, china m'mbali, mpaka malo oyanikapo zovala anatha. Mabanja onsewo amalimbirana chimbudzi chimodzi ndi bafa imodzi, ndipo njira zapakati pa nyumba n'zopapatiza moti pa maliro bokosi limavuta kutulutsa. M'mbali mwa msewu waukulu ndi pafupi ndi msika, amalonda ena ayamba kusanja: golosale pansi, zipinda pamwamba. Mukakweza maso muona phiri la Ndirande lili mbee, pakuti nkhalango yake inadulidwa m'zaka za m'ma 1990, ndipo minda ndi nyumba zikukwawa kulowera kumtunda.

Kuseri kwa phirili kuli Machinjiri, kumene madera amatchulidwa ndi manambala. Kumeneko mabanja ambiri anathawirako pofuna poloti yawo-yawo, ndipo nyumba zabwino zilipo ndithu, koma mtunda wa ku ntchito umadya ndalama ya ndiwo tsiku ndi tsiku. Ku Bangwe, kum'mawa kwa Limbe, nkhani yaikulu ndi madzi. Madzi ambiri a mzinda uno amachokera ku mtsinje wa Shire, pa Walker's Ferry, mtunda wa makilomita pafupifupi 40, ndipo amachita kupopedwa ndi magetsi kukwera chitunda chonsecho. Amene ali kumtunda ndiwo amalandira pomalizira. Ndiye chifukwa chake m'bandakucha mumapeza mizere ya zigubu ndi ndowa pa mipopi yogulitsira madzi, ndipo oima pa mzerewo ndi ife amayi ndi ana athu aakazi.

Ulendo wathu uthere ku Zingwangwa, kummwera kwa tauni, m'munsi mwa phiri la Soche. Apa mpamene munthu amaima chilili, mawu n'kusowa. M'mwezi wa Malichi 2023, namondwe wa Freddy anagwetsa mvula yosalekeza kwa masiku angapo. Phiri linagumuka, matope ndi miyala ikuluikulu zinatsika ndi kukokolola nyumba za ku Chilobwe ndi madera oyandikana nawo. M'dziko lonse anthu oposa 1,000 anataya miyoyo. Zipsera za tsokali zimaonekabe pa phirilo. Akuluakulu anati madzi saiwala khwawa. Koma tisafulumire kuweruza amene anamanga kumeneko. Palibe mayi amene amasankha kugoneka ana ake pansi pa thanthwe. Amapita kumeneko chifukwa pamalo abwino anthu anadzaza, ndipo lendi inamukanika.

Apa mpamene nyumba zosanja za m'tauni zija zikutikhudza ifenso. Ngati kusanja kumathandiza wamalonda kuika maofesi anayi pa dothi limodzi, kungathandizenso kuika mabanja anayi pa malo athyathyathya, pafupi ndi ntchito, sukulu ndi chipatala, m'malo moti akakwere phiri. Mzinda umene umasanjira mapepala nyumba zolimba, koma ana n'kumagona m'zigumula za zidina pa chitunda, ndiye kuti sunaganize mofatsa.

Komatu nyumba yosanja yomangidwa popanda kufunsa mayi imasanduka ndende. Kodi madzi akasiya kutuluka, ndani adzasenza ndowa ya malita 20 kukwera nayo masitepe? Magetsi akazima, mbaula idzayatsidwira kuti, popeza utsi wa makala m'chipinda chotseka umapha? Matewera adzayanikidwa pati? Nanga mwana wokwawa, nanga apongozi okalamba akabwera kudzacheza kuchokera kumudzi? Nyumba yotere imafunika thanki ya madzi, khonde lophikirapo lokhala ndi chotchinga cholimba, masitepe otakasuka okhala ndi pogwira, ndi bwalo pansi loti ana azisewerapo maso a amayi awo akuwaona.

Tsono inu amene bambo a kunyumba akukamba zomanga, kaya m'tauni kaya pa tauni yaing'ono ya kwanu, musakhale chete ngati mlendo. Safunsa anadya phula. Funsani ngati malowo ali ndi mapepala a khonsolo, ndipo pemphani mwaulemu kuti dzina lanu lilembedwenso, kuti mawa ana asadzathamangitsidwe. Pitani mukaone malowo nthawi ya dzinja, muone kumene madzi amadutsa. Musalole kusanjika chipinda pamwamba pa nyumba imene maziko ake anakumbidwira denga la malata lokha. Nyumba yosanja imafuna pulani yovomerezeka, mmisiri wodziwa, ndi zitsulo ndi simenti zosaumira. Dziwaninso kuti kuyambira mu 2018 lamulo limaletsa njerwa zootcha pa zomanga za boma ndi za malonda, pofuna kupulumutsa mitengo. Mabuloko a simenti ndi amene alowa m'malo mwake. Mtengo umene sunapse pa uvuni wa njerwa ndi umene udzagwira dothi la phiri mvula ikadzakula.

Ndife amayi amene timatunga madzi a konkire pa ganyu, ndife timaswa miyala m'mbali mwa msewu, ndipo ndife timasesa maofesi aja m'mawa. Manja athu ali m'makoma a mzinda uno. Choncho pamene mfumu, khansala kapena a khonsolo aitanitsa msonkhano wa za malo ndi zomanga, tisatumize abambo okha. Mutu umodzi susenza denga. Tipite, tikakhale kutsogolo, tikafunse za madzi, za ngalande ndi za pogona ana athu.